Bulu wa a Toktosun

Jipara anali atangoponya timitanda tina m'mafuta owira pamene anamva boneti ikutsegulidwa panja. Anaizindikira ndi kulira kwake, kuja kokhala ngati chitseko cha khola. Panalibe amene anakhudzapo galimotoyo chimwalirireni apongozi ake aamuna, a Toktosun, masiku khumi ndi awiri apitawo.

Linali Lachinayi, tsiku lokazinga timikate ta boorsok kuti fungo la mafuta likafike kwa omwalira. Anasuzumira pawindo. A Kubanich, akulu awo a mwamuna wake, anali ataimika chitini chofiira pamwamba pa injini, akuwerenga zolembedwa kumbuyo kwake, magalasi ali pamphuno. Kumapazi anali ndi nsapato zawo za ku Bishkek, zija zosadziwa ndowe.

Anavuula timikate, n'kuphula poto, n'kunyamula Akmaral, mwana wake wa zaka ziwiri. Mtengwa satsutsana maso ndi maso ndi alamu aakulu, ndiye atatuluka anaima chapatali n'kuyamba kukonza chipewa cha mwanayo.

"Akmaral, tawafunsa atate ako aakulu, chitinicho n'chachiyani?"

A Kubanich anamwetulira osatembenuka. "Uwauze amayi ako kuti ndi mankhwala otsukira injini. Umathira, injini n'kulira mphindi khumi, litsiro lonse n'kutuluka. Kenako tithira oyilo wodula uja, wopepuka. Lamlungu ndikafika nayo kumsika wa magalimoto, ogula akapeza m'katimu mukuwala ngati mbale."

"Kumsika?" Jipara anaiwala kudutsira kwa mwana.

"Nanga aziyendetsa ndani, kelin, mtengwa wathu? Mwamuna wako wabwerera ku Moscow, sationekeranso mpaka chaka chamawa. Ine ndili ndi yanga. Ikangogona pano chisanu chimodzi, makoswe amaliza mawaya onse. Ndipo chaka chikatha pafunika kavalo wodzapha pa mwambo wokumbukira Atate. Bulu uyu atigulira kavaloyo."

Bulu linali dzina lomwe mudzi wonse unkaitanira galimotoyo. Inali yobiriwira, ya ku Jeremani, yakale kuposa Jipara mwini wake, ndipo nambala zake za mtunda zinali zitadutsa makilomita 600,000. Sinkathamanga, koma sinkakananso katundu.

Jipara sankaganiza za kavalo. Ankaganiza za chifuwa cha Akmaral, chomwe kukangozizira chimayamba kuimba likhweru. Chipatala chili ku At-Bashi, mtunda wa makilomita makumi anayi, ndipo chipale chofewa chikagwa, minibasi imabwera ikafuna. Chisanu chatha Bulu anamufikitsa mwanayo kwa dokotala kanayi, ulendo wina milomo itayamba kale kuda. Tsopano udzu unali utafiira m'mapiri, ndipo m'mawa madzi a m'ndowa ankapezeka atagwira pamwamba.

Anamukweza mwanayo paphewa. "Uwauze kuti akathira mankhwalawo, Bulu safika ngakhale pamlatho."

"Chifukwa?"

"Litsiro lili m'katimo ndi la zaka makumi atatu. Mukalisungunula lonse tsiku limodzi, limachoka zibumazibuma, n'kukatseka kasefa kamene pampu imakokerapo oyilo. Injini imauma ikuyenda. Komanso mphira zake zinatha kale, mipata ina ndi litsirolo lomwe laimata. Mukathira oyilo wonga madzi, m'mawa mupeza chithaphwi pansi apa."

A Kubanich anavula magalasi. "Mwana wa zaka ziwiri ameneyu akudziwa zambiri. Sukulu ya umakaniko analowa liti?"

Jipara anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu, amayi ake atadwala, ndipo alamu akewo ankadziwa. Sananene mwachipongwe, komabe zinamulasa.

"Atate ankatero," iye anatero. Dzina la apongozi ake sanalitchulepo chilowereni m'nyumba imeneyi, ndipo sakanayamba lero.

"Atate ankaopa chilichonse chatsopano. Foni yomwe ankaigwira ngati khala la moto." A Kubanich anatulutsa makiyi m'thumba. "Ndiitenthetse kaye. Pachitinipa alemba kuti injini ikhale yotentha."

Anatsegula chitseko n'kudziponya pampando monga amachitira munthu wamtali wozolowera galimoto. Mawondo awo anagunda chiwongolero mwamphamvu moti hutala inalira. Anakhala chopindika, chibwano chili pafupi ndi mawondo, n'kuyang'ana pagalasi la pamwamba. Silinkawaonetsa msewu wa kumbuyo. Linkawaonetsa mabatani a jekete lawo.

"Mpandowu waukoka ndani?" Anayang'ana uku ndi uku. "Atate anali aatali kuposa ine."

"Anaukoka ndi bambo ako, ndi manja awo."

Anali a Burulkan, amayi awo, ataima pakhomo ndi zovala zawo zakuda. Sanaponde panja. Wamasiye satuluka mpaka masiku makumi anayi atakwana.

"Chiyambire chaka chatha ankamuphunzitsa mtengwayu kuyendetsa," anapitiriza motero. "Kumsewu wa kumunda wa udzu uja, kosadutsa anthu. Ukuganiza kuti mwanayu ankamusiyira ndani? Mu Julaye anamutengetsa laisensi. M'mudzi muno tinkati akupita kusikelo."

A Kubanich anatembenukira kwa Jipara, ndipo ulendo uno anamuyang'ana iyeyo, osati mwana.

"Tsiku lawo lomaliza lija," Jipara anatero, maso ali pansi, "tinali kumunda. Anakhala pa mtolo wa udzu, n'kunena kuti, kelin, lero undifikitse ndiwe. Titafika pamphambano ndinafuna kukhotera ku At-Bashi. Anagwira chiwongolero, amvekere kunyumba, ndikutopa chabe. Pamtunda wa pasukulu paja anandikalipiranso kuti ndachedwa kusintha giya. Tiyi amene ndinawathirira sanamumalize."

Akmaral anayamba kukoka mpango wa amayi ake. Palibe anamuletsa.

"Ine ndinapempha kuiyendetsa zaka zingati?" a Kubanich anatero pomaliza, mawu ali otsika. "Ndili mnyamata ndinangoiliza kamodzi, anandithamangitsa ndi foloko ya udzu mpaka kumtsinje."

"Sunangoiliza. Unagwetsa mpanda wa a Jumabai ndi nkhuku zomwe," amayi awo anatero. "Iwe unkafuna liwiro, mwana wanga. Uyu amafuna kufika."

A Kubanich anakhala m'menemo kanthawi, dzanja likusisita chiwongolero pamalo pomwe panasalala ndi zikhatho za bambo awo. Kenako anatuluka movutikira, mwendo umodzi kenako unzake, n'kuchotsa chitini chofiira chija pa injini. Anatseka boneti, nazungulira kumpando winawo.

"Musiyire mwana Amayi. Tiye ukandionetse oyilo amene ukunenayo."

Anayendetsa ndi Jipara. Pamlatho anachepetsa liwiro, pa dzenje la pafupi ndi chigayo anazembera kumanzere asanalione n'komwe. A Kubanich anagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko mpaka pamphambano, kenako anachisiya.

Sitolo ya a Sagin inali m'kontena kumapeto kwa msika, pakati pa ogulitsa zishalo ndi ogulitsa malasha. A Sagin anali mnzawo wa malemu kuyambira ku usilikali. Atangoona Bulu akuima, anatuluka, ndipo ataona amene anatsika kumpando wa dalaivala sanadabwe ngakhale pang'ono. Anatambasula zikhatho, n'kupempherera mnzawo mwachidule, onse atatu n'kupukuta nkhope ndi manja.

"Ndiye bwana wa ku Bishkek wabwera kudzationa," anatero akugwira a Kubanich paphewa. "Ukufuna wodula eti? Ndili naye. Ine ndalama sindikana, ngakhale ya munthu wofuna kupha bulu wa bambo ake."

"Lero ndabwera kudzanyamula katundu, a Sagin. Wosankha ndi uyu."

Jipara anayenda m'mbali mwa mashelefu. Zigubu zonyezimira za pamwamba anazidutsa. Anatsitsa china chotuwa, n'kuchitembenuza, n'kuwerenga pang'onopang'ono chala chikutsata mizere, milomo ikugwedera. Anachibweza n'kutenga chinzake.

"Uyu," anatero. "Teni-fote. Sali ngati madzi, salinso ngati phala. Alemba kuti ndi wa injini zoyenda mtunda wautali, ali ndi zofewetsa mphira, ndipo amatsuka pang'onopang'ono. Zigubu ziwiri ndi mafyuluta awiri."

"Awiri achiyani?" anafunsa a Kubanich.

"Woyambayo sakhalitsa. Akayenda makilomita chikwi chimodzi timamukhetsa limodzi ndi zomwe watola, n'kuthira wachiwiri. Atate ankati nkhalamba saikhula ndi mwala. Umaisambitsa ndi kansalu, lero pang'ono, mawa pang'ono."

A Kubanich anayang'ana a Sagin. "Ndiye ameneyu ndi amene Atate akanasankha?"

A Sagin anaseka mpaka kutsokomola. "Toktosun? Akanasankha wa m'mgolo uwo, wotunga ndi jagi, wolemera ngati uchi. Kenako akanakangana nane theka la ola kuti jagi yanga ndi yaing'ono."

"N'zoona," Jipara anatero. "Pamenepo ankalakwitsa. Wa m'mgolo kukazizira amagwira, m'mawa amachedwa kukwera pamwamba, ndipo ndi amene wasiya zambiri mwa zomwe zili m'katimo. Ndinawauza."

"Unawauza Atate kuti akulakwitsa?"

"Ndinamuuza Akmaral, iwo ali pomwepo."

Aka kanali koyamba chichitikireni maliro kuti a Kubanich aseke kuchokera pamtima. Anaseka atatsamira shelefu, kenako anatembenukira kukhoma n'kuyamba kupukuta magalasi omwe sanali akuda. A Sagin anakhala ngati akufunafuna mafyuluta, ngakhale anali pamphuno pawo.

Madzulo a tsikulo dzuwa lisanalowe anakweza Bulu pa matabwa awiri kuseri kwa khola. Jipara anavala ovololo ya malemu, yopinda katatu m'miyendo, n'kulowa pansi chagada. A Kubanich anagwada m'fumbi akugwira beseni. Oyilo wakale anatuluka mochedwa, wakuda, wonunkha ngati chinthu chopserera, ndipo dontho lina linagwera pa nsapato ya ku Bishkek. Mwini wake analiyang'ana n'kupitiriza kugwira beseni.

Atamaliza anamupatsa nsanza yopukutira manja.

"Tamvera, kelin. Sindikufuna kuti tidzanamizane. Ndibweranso pa tsiku la makumi anayi. Ndikadzapeza ikudontha, kapena ikufuka utsi, kapena oyilo wakoyo atalephera, ipita kumsika. Galimoto yokufera panjira m'chipale uli ndi mwana ndi yoipa kuposa kukhala wopanda galimoto."

"Ndamva, alamu."

Sanawatsutse, chifukwa pamenepo ankanena zoona.

Makilomita chikwi si ovuta kuwapeza m'nyumba ya maliro. Panafunika ufa, shuga, tiyi, malasha. Panafunika kukauza achibale a kutsidya kwa mtsinje za tsiku la mwambo, ena okhala kumene foni sigwira. Poyamba amuna a pagolosale ankasiya kuyankhula Bulu akamadutsa, wina mpaka anafunsa ngati a Toktosun anasiya galimoto yodziyendera yokha, poti dalaivala sakuoneka. Jipara anayika pilo pampando n'kupitiriza ulendo.

Madzulo alionse ankayala katoni pansi pa injini, m'mawa n'kuisolola asanakame ng'ombe. Sabata yoyamba inatuluka youma. Sabata yachiwiri, Lachitatu, anapeza madontho atatu, akulu ngati ndalama zachitsulo. Anakhala chonjuta akuwayang'ana mpaka ng'ombe inayamba kulira.

Tsiku limenelo sanadye bwino. A Burulkan anamuyang'ana akuzunguza supuni m'kapu yopanda shuga.

"Yadontha?"

"Pang'ono."

"Apongozi ako ankati chikadontha usafunse kuti chifukwa chiyani, uzifunsa kuti pati. Pita, mwana ndimuona ine."

Analowanso pansi ndi tochi ya pafoni, n'kupukuta paliponse, n'kudikira. Dontho linatulukira pa bawuti yokhetsera oyilo. Sizinali mphira za m'kati. Kanali kawashala, kamphete ka pabawutiyo, kakale kamene iye mwini anakabwezeretsa m'malo moika katsopano. Anadzitukwana chapansipansi, n'kupita kwa a Sagin, omwe anamupatsa katsopano n'kumuuza kuti apongozi ake anachitapo zomwezo kawiri. Atabwera anakhetsera oyiloyo m'beseni loyera, n'kusintha kawashala, n'kumubwezera momwemo kudzera pa nsalu. Katoni inayambanso kutuluka youma.

Chipale choyamba chinagwa kutatsala masiku asanu kuti tsiku la makumi anayi lifike. Usiku wake Akmaral anatsokomola, koma likhweru silinabwere. M'mawa Jipara anatuluka n'kukaliza Bulu, kungofuna kumva. Analira ulendo woyamba.

A Kubanich anafika m'mawa wa tsiku la makumi anayi, alendo asanayambe kubwera. Analonjera amayi awo, anamwa tiyi, kenako anatuluka osanena komwe akupita. Jipara anawatsatira. Anawapeza atasolola kale kachitsulo koyezera oyilo, akukayang'ana padzuwa.

"Wada bii," anatero. Sananene mokondwa. "Masabata anayi okha, kelin. Wanga amatha miyezi itatu akuoneka ngati tiyi. Pepa. Unayesetsa."

Mwana anali m'nyumba, ndipo Jipara sanapite kukamutenga.

"Alamu, munachapapo malaya a munthu wochokera kumunda?"

"Ndinachapapo, kalekale."

"Madzi akada, ndiye kuti chalephera n'chiyani? Akanatuluka oyera ndikanada nkhawa. Wadayo ndi amene wagwira ntchito." Anamasula chotsekera cha pamwamba pa injini n'kuwalitsa tochi m'bowomo. "Tasuzumirani. Mwezi watha munali phula lokhalokha."

A Kubanich anavala magalasi n'kuwerama. M'kati, pakati pa zakuda zomwe zinatsalira m'makona, chitsulo chinkaoneka chachikasu, ngati pansi pa poto wokwechedwa theka.

"Sichinayere chonse," Jipara anatero. "Mwina sichidzayera chonse, ndipo sindikufuna chiyere ngati mbale. Ndikufuna oyilo azidutsa. Mawa ndimukhetsa uyu, ndithira wachiwiri." Anakoka katoni ndi phazi. "Iyi yagona pansipo masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Inadonthapo kamodzi, koma linali vuto langa, ndinakonza."

"Tailize."

Analowa n'kutembenuza kiyi. A Kubanich anapita kumbuyo, n'kuima pafupi ndi paipi ya utsi, manja ali m'matumba. Kunatuluka nthunzi yoyera ya kuzizira, yomwe inatha injini itatentha. Anadikirabe. Anayika chikhatho pafupi ndi paipiyo n'kuchinunkhiza. Kenako anayenda mozungulira galimoto yonse, akumenya tayala lililonse ndi nsonga ya nsapato, mpaka anafika pawindo la dalaivala.

"Matayala awa sangakwere mtunda wa pasukulu chipale chikalimba. Ndikutumizira ena sabata yamawa, aminga aja." Anakhosomola. "Za kavalo tikambirana ndi mwamuna wako. Ana aamuna tilipo awiri, si ntchito ya bulu imeneyo."

Jipara anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Anagwedeza mutu mothokoza.

Alendo anabwera, anadya, anapemphera, amayi analira maliro awo omaliza kuchipinda. Dzuwa litapendeka, anthu atayamba kuchepa, a Burulkan anavala chikhoto chawo chachikulu n'kuima pakhomo pomwe anaima masiku onse aja. Ulendo uno anaponda panja.

"Ndiperekezeni ndikaone pomwe munawagoneka."

Manda ali pachitunda, kupitirira mphambano. A Kubanich anakhala kutsogolo, mawondo atatsamira bolodi. Amayi anakhala kumbuyo, Akmaral ali pambali pawo, ndi phukusi la boorsok lokasiyira banja loyang'anira mandawo lili pampando. Msewu unali woyera mbali zonse, ndi mizere iwiri yokha yakuda yomwe matayala a ena anasiya. Injini inkalira mofatsa, chotenthetsera chikuuzira kumapazi.

Atadutsa mlatho, patsogolo patali panaoneka munthu akuyenda m'mbali mwa msewu, thumba lili kumsana, mutu ataweramitsa chifukwa cha mphepo. Sanali wa m'mudzimo. Sanatembenuke, sanakweze dzanja.

Jipara anali asanachotse phazi pa mafuta pamene anamva kusuntha kumbuyo. Anayang'ana pagalasi. A Burulkan anali atanyamula kale Akmaral n'kumuika pamiyendo. Anatsitsira phukusi kumapazi, n'kudzikokera kuchitseko, akusonkhanitsa chikhoto chawo kuti chisatenge malo. Ankachita zonsezi maso ali pawindo, osaganizira n'komwe, monga munthu amene wakhala pampando umenewo zaka zambiri.

"Amayi, munthuyo sanatiimitse," anatero a Kubanich.

"Bambo ako sankadikira kuimitsidwa."

Jipara anatsitsa giya, n'kuyamba kuponda buleki pang'onopang'ono kuti Bulu asaterereke. A Kubanich anapotoloka, natambasula dzanja lawo lalitali kumbuyo, n'kukweza kabatani ka chitseko.